N'chifukwa chiyani akuluakulu ambiri sadziwa bwino nkhani za ndalama?

Mphunzitsi Wopuma:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumaitsatira bwino nkhaniyi. M'chaka cha 2014, bungwe la zachuma la Standard & Poor's, mothandizana ndi bungwe lochita kafukufuku la Gallup komanso World Bank, linafunsa anthu akuluakulu opitirira 150,000 m'mayiko oposa 140 mafunso okhudza mitu inayi: kuwerengera chiwongoladzanja, chiwongoladzanja chimene chimabereka chinzake, kukwera kwa mitengo ya zinthu, ndi kuopsa koika chuma chonse pamalo amodzi. Amene anakhoza mitu itatu mwa inayi anali 33 okha pa anthu 100 alionse. Chikundisowetsa mtendere n'chakuti olepherawo si ana, koma makolo amene amalandira malipiro, amatenga ngongole ndiponso amayang'anira mabanja. Kodi vutoli lagona pati? Kodi ndi sukulu imene sinawakonzekeretse, ndi umphawi, kapena anthufe sitifuna kuphunzira?

Mlembi wa Ngongole:

Aphunzitsi, mfundo yakuti anthu safuna kuphunzirayo ndikuikana. Ndinagwirapo ntchito yolembetsa anthu ngongole, ndipo sindinaonepo munthu wosafuna kudziwa kuti adzabweza zingati. Zimene zimachitika n'zakuti munthu amapatsidwa fomu ya masamba angapo yolembedwa ndi tizilembo ting'onoting'ono, kumbuyo kwake kuli mzere wa anthu odikira, ndipo wom'thandizayo amangoloza ndi cholembera malo osainapo. Funso limene amakwanitsa kufunsa ndi limodzi lokha, lakuti pamwezi azilipira zingati, pamene funso lom'pulumutsa linali lakuti ngongole yonseyo ikadzatha adzakhala atabweza zingati.

Taonani chitsanzo ichi. Munthu wakongola 1,200 kuti abweze m'miyezi 12, ndipo wauzidwa kuti chiwongoladzanja ndi 10 peresenti pachaka, kutanthauza 120. Mwezi uliwonse ngongoleyo ikuchepa chifukwa akubweza, koma chiwongoladzanjacho chinawerengeredwa pa 1,200 yonse ngati kuti ndalamazo wazisunga chaka chathunthu. Mukawerengera pa ndalama zimene zimatsala m'manja mwake mwezi ndi mwezi, mupeza kuti akulipira pafupifupi 18 peresenti. Palibe pamene wanamizidwa, komabe sanauzidwe zoona zonse. Chimodzimodzinso ngongole ya 10 peresenti pamwezi: mukafunsa kuti 100 idzafika pati ikatha chaka osabwezedwa, ambiri amayankha kuti 220, koma ngati chiwongoladzanja chikuphatikizidwa ku ngongole mwezi uliwonse, imafika pafupifupi 314. Ndiye tikamanena kuti ogula ndi osadziwa, tisaiwale kuti pali ena amene amapindula ndi kusadziwako, ndipo alibe chifukwa chophweketsera mafomu awo pokhapokha lamulo litawakakamiza.

Mayi Wowerengera Chuma:

Ndikugwirizana ndi Bambo amene ayankha pamwambawa, koma sukulu ndi banja tisazichotse pa mlanduwu. Akatswiri awiri, Annamaria Lusardi ndi Olivia Mitchell, anakonza mafunso atatu amene anayamba kugwiritsidwa ntchito ku America mu 2004, ndipo limodzi limangofunsa kuti ngati banki ikukupatsani 1 peresenti pachaka pamene mitengo ikukwera ndi 2 peresenti, kodi chaka chikatha mudzatha kugula zambiri, zofanana, kapena zochepa. Apa palibe fomu yobisa kanthu, koma anthu ambiri, ngakhale m'mayiko olemera, amakodwa. Tinaphunzitsidwa maperesenti kuti tikhoze mayeso, osati kuti tidzawerenge pepala la ngongole. Kunyumba nako nkhani ya ndalama imakambidwa monong'ona, mwana amakula osaonapo bajeti ikulembedwa, ndipo akadzayamba ntchito amachita manyazi kufunsa zimene akuganiza kuti anzake onse akuzidziwa.

Chinanso, luso la ndalama limabwera ndi kuzolowera. Malinga ndi World Bank, mu 2011 akuluakulu 51 pa 100 alionse padziko lonse ndi amene anali ndi akaunti yosungiramo ndalama, ndipo pofika 2021 chiwerengerocho chinakwera kufika 76. Anthu mamiliyoni ambiri alowa m'dziko la mabanki, inshuwalansi ndi ngongole za pafoni m'zaka khumi zokha, popanda kholo limene linadutsamo kale loti liwalangize. N'chifukwa chakenso sindidabwa kuti pa kafukufuku amene mwatchulayu, Aphunzitsi, amuna amene anakhoza anali 35 pa 100 pamene amayi anali 30. Munthu amene sapatsidwa mpata wosankha zochita ndi ndalama za pabanja sangazizolowere, ndipo zadziwikanso kuti amayi ambiri amasankha yankho lakuti “sindikudziwa” ngakhale pamene akanatha kukhoza, chifukwa chodzikayikira.

Wophunzira za Chuma:

Mayi, ndikupempha kusiyana nanu pang'ono pa nkhani ya sukulu. Mu 2014, akatswiri atatu, Fernandes, Lynch ndi Netemeyer, anasanthula kafukufuku 201 wa m'mbuyomu ndipo anapeza kuti maphunziro a zachuma ankasintha pang'ono kwambiri mmene anthu amachitira ndi ndalama zawo, komanso kuti zimene munthu waphunzira zimazilala miyezi ikamapita. Kafukufuku wa pambuyo pake wasonyeza phindu lokulirapo, koma mfundo yakuzilalayo ndi yofunika: phunziro la penshoni limene mwana wa zaka 15 walimva silingam'thandize akadzafika zaka 40. Akatswiri atatu aja analangiza kuti munthu aziphunzitsidwa pa nthawi imene akufuna kupanga chisankhocho.

Za umphawi, Aphunzitsi, ndikuona kuti mwakhudza pamene pali gwero lenileni. Mu 2013 magazini ya Science inafalitsa zotsatira za kafukufuku wa alimi a nzimbe a ku Tamil Nadu, m'dziko la India. Alimi omwewo anayesedwa nzeru asanakolole, ndalama zitawathera, kenako anayesedwanso atagulitsa nzimbe zawo, ndipo anakhoza bwino atalandira ndalama. Mutu unali womwewo; chimene chinasintha ndi nkhawa. Munthu amene akuganiza za lendi ya mawa alibe mpata woyerekezera ngongole zitatu kuti aone yotchipa, ndipo nthawi zambiri amadziwa ndithu kuti katapila ndi woopsa, koma palibenso wina amene angam'bwereke lero lomwelo popanda chikole. Tikamuyesa ndi mafunso timamulemba m'gulu la osadziwa, pamene mbali ina ya vuto lake ndi kusowa kolowera.

Mphunzitsi Wopuma:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka chifukwa cha chitsanzo cha 1,200 chija, chimene ndachiwerengera ndekha papepala n'kupezadi zomwezo. Komabe ndatsala ndi funso kwa inu Bambo amene munagwirapo ntchito ya ngongole. Ngati lamulo litalamula kuti patsamba loyamba la fomu iliyonse pazilembedwa ndi zilembo zikuluzikulu ndalama zonse zimene munthu adzabweze, kuphatikizapo zolipiritsa zonse, kodi mukuona kuti anthu amene munkawathandiza aja akanasintha maganizo, kapena akanasainabe chifukwa cha mavuto amene anawatengera pakhomo panu?