Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa: kalumoka nkothandizira kapena nkovulazira anthu?

wa ku Chibavi:
Akuluakulu ndithandizeni pa mwambi uja woti mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ine ndinakula ndikuumva ngati woyamikira mlendo, kuti munthu wobwera amatha kuthetsa nkhani yomwe eni mudzi yawakanika, koma mnzanga amene timaphunzira naye za kompyuta kuno ku Mzuzu akuti ayi ndi chenjezo, kalumo kakuthwa kamacheka nde mlendo uzimuopa. Nkhani inayamba poti tonse tikufuna tiyambe kulemba nawo code ya mapulogalamu aja a open source, amene code yake ili poyera aliyense atha kuiwerenga, kuikonza nkuitumiza kwa eni ake. Ine ndinati ifeyo ndi alendo a kalumo, iye nkuti nchifukwa chake eni akewo sangatikhulupirire. Kalumo kameneka kanali kantchito yanji makamaka? Ndipo bwanji amati kalumo osati lumo kapena mpeni?

Mphunzitsi wopuma, Katoto:
Mwana wanga, iwe ndi amene unaumva bwino. Malezala a msitolo asanabwere lumo limasulidwa ndi amisiri a zitsulo nkumanoledwa pamwala, ndipo ntchito yake sinali yamasewera, kumeta anthu pomaliza maliro, kutema mphini pofuna kupaka mankhwala. Chithunzi cha mwambiwu nchoti malumo a pamudzi abuntha, anthu akungopirira akuwazula tsitsi poti anazolowera, kenako wina wochokera kutali nkutulutsa kake konola bwino ntchito nkutheka.

Ine ndinkaumva kwambiri pabwalo la milandu. Nkhani ikazungulira osapezeka mutu wake, amfumu amatembenukira kwa munthu wobwera amene wangokhala phee kumbuyo nkunena kuti alendo tayankhulaniponi, paja mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Uone bwino pamenepo, wonena mwambiwu ndi mwini mudzi pomupatsa mlendo mpata. Sindinamvepo mlendo akuimirira yekha nkulengeza kuti ndabwera ndi kalumo. Ndipo "ka" ameneyo ngochepetsa, ndi kanthu kolowa mthumba, kogwira pamalo amodzi pomwe wauzidwa. Sanati mlendo amabwera ndi nkhwangwa.

wa pa Luwinga:
Aphunzitsi mwandifika pamtima, chifukwa zomwe mwanenazo ndi ndendende mmene open source imayendera ngakhale inu simunatchule za kompyuta. Achimwene a ku Chibavi, ine ndimatumiza code kuma project angapo nde ndikuuzeni mmene ndimachitira.

Choyamba sindilemba kanthu, ndimawerenga kaye. Project iliyonse yolongosoka pa GitHub, webusaiti yomwe anthu amasungirapo code, imakhala ndi README komanso fayilo yotchedwa CONTRIBUTING, mmenemo ndi momwe eni ake analemba kuti code amaifuna yolembedwa motani, ma test amayendetsa bwanji, nkhani amakambirana kuti. Muonenso license, malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka code, kaya ndi MIT kaya GPL, chifukwa zomwe mutumizezo zikalowa pansi pa license yomweyo. Kenako ndimapita pa ma issue, ndi pamene anthu amalemba zomwe zikuvuta, ndipo ma project ambiri amaika chizindikiro choti good first issue pa zovuta zing'onozing'ono zomwe asungira dala anthu atsopano. Ukapeza imodzi umalemba pansi pake kuti ndikufuna ndiyese iyi, ndikuganiza zoikonza chonchi, kodi ilipo kale mmanja mwa wina? Nkudikira akuyankhe. Apa ndi pomwe anthu ambiri amadumpha ndipo zimandipweteka, munthu amatha sabata yonse akulemba, bandulo yatha, magetsi akathima akulembera pa batire, kenako nkuuzidwa kuti zimenezi tinakambirana kale sitikuzifuna.

Akakuvomera nde umapanga fork, kutanthauza kope yakoyako ya project pa akaunti yako, nkuitsitsa pa laputopu ndi git clone. Ngati project ndi yaikulu onjezerani --depth 1 kuti isatsitse mbiri yonse, bandulo ya kuno mukuidziwa. Mutsegule branch yatsopano, nthambi ya code yogwirirapo ntchito padera, mukonze chinthu chimodzi chokhacho basi, osati poti mwaona kuti fayilo ina sinasanjidwe bwino mukonzeretu ndi iyo yomwe, ayi. Yendetsani ma test pa makina anu, commit (kusunga zomwe mwasintha) ndi uthenga womveka wonena chomwe mwasintha ndi chifukwa chake, push (kuzikweza pa fork yanu), kenako pull request, pempho loti eni ake alandire zomwe mwasinthazo. Ikangotseguka pamayamba kuzungulira kadontho kachikasu ma test awo akuyenda, umangoyang'ana mtima uli mmwamba mpaka pabwere kachongi kobiriwira kapena ka X kofiira. Kofiirako si mapeto, umatsegula nkuwerenga pomwe pagwa, kukonza, push kachikenanso.

wa ku Zolozolo:
Achimwene a ku Chibavi, ine ndili mbali ya mnzanuyo. Mwambiwo kaya kale umatanthauza chani koma pa nkhani ya code mlendo amachekadi. Mu March 2024 Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft, anaona kuti kulowa mu kompyuta kudzera pa SSH, njira yolowera mu kompyuta ina uli kutali, kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi, atafufuza anapeza khomo lobisika mu xz Utils, kapulogalamu kofinya mafayilo komwe kamapezeka pafupifupi mu Linux iliyonse. Analiika ndi akaunti yotchedwa Jia Tan mu version 5.6.0 ndi 5.6.1, ndipo akaunti imeneyo inakhala nthawi yaitali ikutumiza code yabwinobwino mwaulemu mpaka mwini project anaikhulupirira nkuipatsa udindo wa maintainer, woyang'anira project amene amavomereza code yolowa. Anatsata zonse zomwe achemwali a pa Luwinga anenazi. Mu 2021 nawonso a Linux kernel, phata la Linux, analetsa University of Minnesota yonse kutumiza code atazindikira kuti ofufuza ena kumeneko anatumiza dala ma patch, tizigamba tokonzera code, olakwika pofuna kuona ngati agwidwe. Nde musadabwe maintainer akamakufunsani mafunso ngati wapolisi.

wa pa Luwinga:
Zonsezo nzoona achimwene ndipo nchifukwa chake review ilipo, palibe code ya munthu watsopano imalowa osawerengedwa. Ku Linux kernel mpaka pano ma patch amatumiza pa imelo ndipo pansi umaika mzere wa Signed-off-by ndi dzina lako kutsimikiza kuti uli ndi ufulu wopereka code imeneyo. Koma taonaninso nkhani yanu yomweyo, Freund sanali wa xz, iyeyo ntchito yake ndi PostgreSQL, pulogalamu ina yosungira data. Anthu ambirimbiri amagwiritsa ntchito kapulogalamuko osaona kanthu, wobwera ndi amene anadabwa ndi theka la sekondi nkukauza anthu. Akanatha bwanji code ikanakhala yotsekera? Ine mlendo wa mumwambi ndikumuona mwa ameneyo.

Mphunzitsi wopuma, Katoto:
Za makina zanuzo ndikutsatirako pang'ono. Munthu wobwera ndi chiwembu makolo anali ndi mayina ake ena, mwambi uwu sunali wake, musaupotoze. Koma ndikuonjezereni wina woti mlendo ndi mame. Ena amaunena pofuna kuti timusamale mlendo poti sakhalitsa, dzuwa likatuluka wapita. Tsono ngati wapita, zomwe wasiya amatsala nazo ndani? Ndi eni khomo. Nchifukwa chake mwini mudzi ali ndi ufulu wokana ngakhale kalumo kako kali kakuthwa chotani, ndipo si chipongwe.

wa ku Chibavi:
Zikomo aphunzitsi, apa nde ndamvetsa, makamaka zoti wonena mwambiwo ndi mwini mudzi, ndimuonetsa mnzanga uja awerenge yekha. Achemwali a pa Luwinga ndifunseko, ine ndimadziwa Python pang'ono ndi JavaScript, ndiyambire project yanji? Ndipo akapanda kuyankha pull request yanga nditani?

wa pa Luwinga:
Yambirani pa chinthu chomwe mumachigwiritsa kale ntchito, ka library kalikonse, code yolembedwa kale ndi ena, komwe munaikapo ndi pip kapena npm nkukakwiyira penapake, chifukwa vuto lomwe munakumana nalo nokha mumalifotokoza bwino kuposa lomwe mwangolitola. Ngati mtima wanu uli pa zaumoyo onani DHIS2, yomwe imatsogoleredwa ndi University of Oslo ndipo unduna wa zaumoyo kuno umaigwiritsa ntchito posonkhanitsa malipoti, mbali yake yoonekera pa browser ili mu JavaScript ndipo code yake ili pa GitHub. Musanyoze ntchito zooneka zazing'ono, kulemba bug report yomveka yokhala ndi masitepe oti wina atsate nkuliona vutolo, kukonza malangizo oikira pulogalamu omwe anatha ntchito, kuonjezera test pomwe panalibe. Munthu watsopano ndi amene amaona kuti malangizo akudumpha sitepe, eni ake anaika pulogalamuyo kalekale sakumbukanso. Chomwe ndikukupemphani musachite ndi kutumiza tizosintha topanda pake kuti dzina lioneke, mu October 2020 nthawi ya Hacktoberfest, kampeni yolimbikitsa anthu kutumiza code ku open source, anthu anasefukiza ma project ndi ma pull request oterowo pofuna t-shirt yaulere mpaka okonza anasintha malamulo.

Za kusayankhidwazo, ma maintainer ambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka akaweruka kuntchito kwawo, nde dikirani sabata imodzi kapena ziwiri kenako mulembe kamzere kamodzi mwaulemu pa pull request pomwepo, osati kuwalondola ku inbox. Akapempha kuti musinthe zina sinthani pa branch yomwe ija nkupanga push, pull request imadzisintha yokha simutsegula ina. Ndipo musanasankhe project yang'anani tsiku lomwe analandira pull request yomaliza ya munthu wakunja, ngati padutsa chaka sakani ina.