Ndichoke pachikamwini kapena ndikhalebe?

Abale anga, ndithandizeni nzeru, makamaka inu amene munakhalapo pachikamwini.

Ndinakwatira ku Dedza, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinamanga nyumba kwawo kwa mkazi wanga. Apongozi anga ndi anthu abwino, sindinganame. Mwana akatentha thupi usiku, agogo ake amafika ndi tochi tisanawaitane n'komwe. Chaka cha njala tinkadyera mbale imodzi, palibe anagona ndi njala yekha.

Komabe mtima wanga sukukhazikika. Munda umene ndimalima si wanga, ndi wa mbumba. Ndikagulitsa thumba la kachewere ku Lizulu, mawa lake mudzi wonse wadziwa mtengo wake, ena afika kale kudzabwereka. Ngakhale za sukulu ya ana anga, mawu omaliza amakhala a malume awo, eni mbumba. Ndimalakalaka nditapeza malo angaanga, mwina ku Lilongwe, n'kumadzuka m'mawa popanda wondifunsa kumene ndikupita.

Mayi a kunyumba sakukana, koma tikangotchula zosiya amayi awo okalamba amangoti duu, misozi ili lengelenge. Inenso mantha ndili nawo. M'tauni ukagwa m'matenda, angakuphikire phala ndani?

Ndiye funso langa ndi ili: nkhani yopempha chitengwa imayambira kwa ankhoswe, kapena ndiyambe ndakhala pansi ndi malumewo? Inu amene munasamuka, ubale wanu ndi akuchikazi unatsala bwanji? Nanga kumanga pamudzi woyandikana nawo kungathandize, kapena adzangoti mkamwini wathawa?