Franchise ya nkhuku ndi chipisi muno mu Chipata: ndiyambire pati?

Mayi_wa_ku_Kapata

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndalandira ndalama zopumira pantchito, ndipo ku banki akuti angandiwonjezere ngongole ndikapereka nyumba ngati chikole. Maganizo anga ndi otsegula malo ogulitsira nkhuku yokazinga ndi chipisi m'mbali mwa Umodzi Highway, koma pa dzina lodziwika kale, osati kuyambitsa langa. Ndi makampani ati amene amalola munthu wamba kugula franchise? Amadula zingati pamwezi? Nanga mapepala a ku khonsolo ndi ku ZRA, bungwe la misonkho, amayenda bwanji? Ana akuti ndingotenga Hungry Lion poti ndi imene anthu anaizolowera.

Mlembi_wa_Mabuku

Mayi, za Hungry Lion ziiwaleni: nthambi zawo amayendetsa okha, sagulitsa dzina kwa munthu. KFC ndi ya Yum! Brands ya ku America, ndipo iwo amafuna kampani yotha kutsegula nthambi zingapo, osati munthu wa shopu imodzi. Zitseko zimene mungagogode ndi monga Famous Brands ya ku South Africa, eni ake a Steers, Debonairs Pizza ndi Wimpy. Galito's, nayonso ya komweko. Ndi Simbisa Brands ya ku Zimbabwe, eni ake a Chicken Inn ndi Pizza Inn. Funso loyamba powalembera likhale lakuti ndani ali ndi chilolezo cha dzinalo m'Zambia muno, chifukwa nthawi zambiri chimakhala m'manja mwa kampani imodzi ya ku Lusaka, ndipo ndi iyo imene mudzachite nayo pangano.

Ndalama zimatuluka m'njira zitatu. Pali ya poyamba yogulira chilolezo, imene sibwezedwa. Pali yomangira shopu molingana ndi pulani yawo: makina, matailosi, zikwangwani, mipando, zonse amasankha iwo, ndipo iyi ndiyo yaikulu kuposa zonse. Yachitatu ndi ya mwezi ndi mwezi: royalty, ndalama yolipira eni dzina pogwiritsa ntchito dzina lawo, imene pa mabizinesi otere imakhala cha m'ma 5 mpaka 7 peresenti, kuwonjezapo ya malonda otsatsa, 2 mpaka 5 peresenti. Apa ndi pamene ambiri amagwera: maperesentiwa amawerengedwa pa zonse zimene mwagulitsa, osati pa phindu. Mwezi umene mwaluza, iwo amalandirabe zawo.

Tiyeni tiyerekeze, manambalawa ndi ophunzitsira chabe. Kasitomala walipira K116. K16 si yanu, ndi VAT ya ZRA. Pa K100 yotsala, nkhuku, mbatatesi, saladi (mafuta ophikira), zokometsera ndi mabokosi zidya mwina K42. Eni dzina atenga K10. Mwatsala ndi K48, ndipo pa imeneyi ndi pamene pachokere lendi, malipiro a antchito, magetsi, dizilo, gasi, alonda ndi ngongole ya ku banki. Tinene kuti zimenezi zikukwana K150,000 pamwezi. Gawani 150,000 ndi 0.48: mufunika kugulitsa za K312,500 pamwezi kuti mungobweza zolowa, kutanthauza pafupifupi K10,400 tsiku lililonse. Ngati munthu mmodzi amasiya K80 tikachotsa VAT, ndiye anthu 130 patsiku, Lolemba ndi Lachiwiri lomwe, inu musanadyepo ngwee. Ikanimo manambala anu enieni muone ngati malo amene mwapezawo angakupatseni anthu amenewo.

Ziwiri zina zimene zimabisala. Royalty yopita kunja kwa dziko ili ndi msonkho wa withholding tax (wodulidwa ndalamayo isanatumizidwe) wa 20 peresenti, pokhapokha ngati pangano la misonkho la pakati pa mayiko awiriwo likuutsitsa. Pangano lanu likanena kuti eni dzina alandire ndalama yawo yathunthu, msonkhowo ugwera inu: kuti iwo alandire K10,000, inu mutulutsa K12,500. China ndi dola. Mu 2022 inatsika kufika cha m'ma K16, koma kumayambiriro kwa 2025 inali cha m'ma K28. Makina, zida zake ndi zokometsera zochokera kunja zimakwera ndi dola kapena randi, pamene mtengo wa pa menyu simusintha nokha, mudikira chilolezo.

Wa_ku_Khitchini

Masamu a akuluwa ndi abwino, koma K42 ya zakudyayo ndi ya ku Lusaka. Kuno onjezanipo msewu. Kuchoka ku Lusaka kufika Chipata ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, kudutsa mapiri a ku Luangwa, ndipo franchise simagula nkhuku kwa mlimi wa ku Mchini kapena mbatatesi za pa Saturday Market ngakhale zili zotchipa. Mumagula kwa amene iwo anawavomereza. Musanasaine afunseni kuti galimoto ya firiji imabwera kangati pa sabata, amalipira mayendedwe ndani, ndipo oda yochepetsetsa ndi yotani. Ikamabwera kamodzi pa sabata, mufunika cold room ndi freezer zosunga katundu wa masiku 9 kapena 10, chifukwa galimoto imafa panjira. Funsaninso ngati nkhuku zawo zili ndi satifiketi ya halaal. Chipata ili ndi Asilamu ambiri, ena mwa iwo ndiwo ogula chakudya cha banja lonse kamodzi, ndipo popanda pepala limenelo pakhoma salowa.

Katundu akafika, pimani ndi themometa asanatsitsidwe. Nkhuku ya fuleshi ikhale pakati pa madigiri 0 ndi 4, youmitsidwa ikhale pa 18 pansi pa ziro. Bokosi lokhala ndi madzi a magazi owumanso pansi likusonyeza kuti inasungunuka panjira nkuumitsidwanso. Ibwezeni, ndipo lembani pa delivery note pomwepo dalaivala akuona.

Magetsi ndiwo amapha mashopu awa. Pressure fryer, ma fryer a chipisi, kabati yofunditsira, cold room ndi fani yokoka utsi zimafuna three phase, magetsi amphamvu oyendetsera makina akuluakulu, choncho onani kaye ngati nyumbayo ili nayo, chifukwa kupempha ku ZESCO kumatenga nthawi ndi ndalama. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankapita maola ambiri kuposa amene ankabwera. Jenereta ya 60 kVA ikanyamula katundu wambiri imamwa dizilo pafupifupi malita 10 pa ola. Maola 10 ndi malita 100 tsiku limodzi. Ngati eni dzina alola, ma fryer akhale a gasi, jenereta itsale ndi mafiriji, mafani ndi ma till. Ikaninso chotetezera ma compressor ku magetsi obwera mwamphamvu, poti amapsa nthawi imene malaiti abwerera, osati pamene apita. Thanki ya madzi ndi pampu musazisiye, shopu yopanda madzi a inspekitala amaitseka tsiku lomwelo.

Saladi: chipisi chimakazingidwa pa madigiri 175 mpaka 180. Akapitirira apo mafuta amapsa msanga, akachepera chipisi chimamwa mafuta nkukhala cholobodoka. Sefani mafuta tsiku lililonse kuchotsa zinyenyeswa za ufa, musathire mchere pamwamba pa fryer, ndipo vundikirani usiku. Fryer imodzi imalowa malita 20 kapena kuposerapo, ndiye kusasefa ndi kutaya chigubu chathunthu nthawi isanakwane. Nkhuku ikhale yafika madigiri 75 pafupi ndi fupa, ndipo m'kabati isatsike pansi pa 63. Eni dzina amaika nthawi imene nthuli ingakhale m'kabatimo. Ikadutsa imatayidwa ndi kulembedwa m'buku. Manijala wosadziwa amakazinga zambiri 10 koloko m'mawa, pofika masana theka lapita ku bini.

Kuba kwa m'khitchini sikuoneka ndi maso, kumaoneka powerenga. Nkhuku imodzi imadulidwa nthuli 8 kapena 9 malinga ndi dzinalo. Werengani nthuli m'mawa, onjezani zolowa, chotsani zimene till ikuonetsa ndi zotayidwa, zotsalazo zifanane ndi zimene zili m'firiji usiku. Nthuli 10 zosowa patsiku ndi 300 pamwezi. Mabokosi nawonso awerengedwe, chifukwa wogulitsa mwamseri amafuna bokosi.

Wa_Mapepala

Za mapepala sizovuta, zimangofuna miyendo. Lembetsani kampani ya limited ku PACRA, musatsegule pa dzina lanu, kenako TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, ku ZRA. Mukalembetsa VAT, till yanu iyenera kulumikizana ndi Smart Invoice, njira ya ZRA yolembera malisiti pa kompyuta, ndiye funsani ngati makina a eni dzina amatha zimenezo. Ku Chipata City Council kuli business levy, chilolezo cha zaumoyo ndi satifiketi ya ozimitsa moto. Aliyense wogwira chakudya apimidwe kuchipatala, ndipo mapepala ake amatha, amafuna kukonzedwanso. Pulani ya khitchini apatseni a zaumoyo musanamange, aone pothawira utsi, zimbudzi, masinki ndi chotchingira mafuta kuti asalowe m'mapaipi. Kugumula khoma lomanga kale kumawawa. Antchito: NAPSA (ya penshoni) ndi 5 peresenti yanu ndi 5 ya wantchito, NHIMA (inshuwalansi ya kuchipatala) 1 ndi 1, kuwonjezapo Workers' Compensation (ya ovulala pantchito).

Pofunika kudekha ndi pa pangano. Ku South Africa lamulo la Consumer Protection Act limakakamiza wogulitsa franchise kupereka chikalata chofotokoza za bizinesi yake masiku 14 munthu asanasaine, ndipo wosainayo ali ndi masiku 10 ogwira ntchito oti asinthe maganizo. Zambia ilibe lamulo lapadera la franchise, chimene mwasaina ndicho chimakumangani. Choncho pemphani chikalatacho ngakhale sakukakamizidwa, ndipo loya wanu, osati wawo, awerenge izi. Dera: kodi angatsegule nthambi ina mu Chipata? Tauni yathu nthambi ziwiri za dzina limodzi zingadyane, ndiye malire alembedwe ndi mayina a misewu kapena makilomita. Zaka: pangano likakhala la zaka 10 koma lendi ya nyumba ya zaka 3, mwini nyumba adzakugwirani pakhosi chaka chachinayi, ziwirizi zithere pamodzi. Kukonzanso shopu: ambiri amalamula kusintha maonekedwe pakapita zaka zingapo, ndalama zanu. Kugulitsa: amayenera kuvomereza wogula, ndipo ena amadulapo. Pangano likatha, amakuletsani kugulitsa nkhuku pamalo omwewo kwa nthawi yaitali bwanji? Mlandu ukabuka, ukaweruzidwira kuti, Lusaka kapena Johannesburg?

Pemphani manambala a anthu atatu amene ali ndi dzinalo kunja kwa Lusaka ndi Copperbelt, komanso mmodzi amene anatseka. Akakana kukupatsani, mwadziwa kale kanthu.

Mdala_wa_pa_Down_Shops

Ine ndikuona ngati mwawaopseza kwambiri mayiwa. Dzina lodziwika lili ndi ntchito: munthu wotsika basi kuchoka ku Lusaka, kapena wodutsa pa Mwami kupita ku Lilongwe, kapena mlendo wopita ku Mfuwe, amalowa pamene akudziwa kukoma kwake. Amakuphunzitsiraninso antchito, ndipo buku lawo la kachitidwe ka ntchito munthu payekha angalilembe zaka.

Koma ndalama ya kum'mawa kuno ili ndi nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Seputembala, alimi akagulitsa fodya, soya, nshawa ndi chimanga, tauni imadzaza. Januwale ndi Febuluwale ndalama yapita ku feteleza ndi ku sukulu; Nc'wala ya ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale imabweretsa anthu masiku ochepa chabe. Mwezi uliwonse, sabata ya malipiro a aboma siifanana ndi sabata yachiwiri. Ndiye musawerenge anthu pa month end mu Julayi nkumati ndi mmene zilili. Khalani pamalopo ndi kope, Lachiwiri la pakati pa mwezi ndi Loweruka, kuyambira 11 koloko mpaka 8 koloko usiku, muwerenge olowa m'mashopu a zakudya oyandikana nawo ndi zimene atuluka nazo m'manja. Onaninso poimika magalimoto. Ndipo kumbukirani kuti mpikisano wanu si mashopu a magalasi okha: nshima ya nkhuku ya kumudzi pa msika ndi chipisi cha pa chiwaya zimakhutitsa pa mtengo wochepa.

Mayi_wa_ku_Kapata

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Nanga za nyumba ija, ndipereke chikole kapena ayi?

Mlembi_wa_Mabuku

Nyumba yogonamo ayi, mayi. Chiwongoladzanja cha mabanki kuno chakhala chikupitirira 25 peresenti pachaka. Pa ngongole ya K1,000,000 ndiye K250,000 pachaka, kupitirira K20,000 pamwezi, musanayambe kubweza mutu wake. Mu chitsanzo chija, K20,000 imeneyo payokha ikufuna kuti mugulitse za K42,000 pamwezi, anthu 17 patsiku. Dziwaninso kuti kampani ya limited sikutetezani mukasaina personal guarantee, lonjezo lakuti kampani ikalephera kulipira mudzalipira inuyo ndi chuma chanu, ndipo banki, mwini nyumba ndi eni dzina onse amaifuna. Kambiranani kuti ikhale ndi malire a ndalama ndi a zaka.

Ogulitsa franchise ambiri amafuna kuti pafupifupi theka la ndalama yonse ikhale yanu, yosakongola. Pamwamba pake sungani padera ya lendi ndi malipiro ya miyezi 6, chifukwa mwezi wotsegulira anthu amabwera kudzaona, wachitatu ndi umene umanena zoona. Ngati ndalama zanu sizikufika apo, funsani ngati ali ndi mtundu waung'ono wa shopu, wa kauntala chabe pa filling station kapena m'kati mwa mall, umene umafuna makina ndi antchito ochepa. Apo ayi, lowetsani mnzanu wa masheya, mulembe ku PACRA gawo la aliyense, ndipo mugwirizane papepala amene adzakhale mu shopu tsiku ndi tsiku ndi malipiro ake.