Buku la kuchipatala la amayi linanyowa ndipo mu kompyuta akuti mulibe, nditani?

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni nzeru, mutu sukugwira. Amayi anga ndinakawatenga kumudzi mwezi watha kuti azikhala ndi ine kuno ku Lilongwe, chifukwa achimwene amene amakhala nawo sasamala, ndalama ndikatumiza zimathera kwa akazi awo. Alamu anga omwewo anasiya buku la kuchipatala la amayi pawindo, mvula n'kulinyowetsa. Masamba anamatirirana, kapepala kamizeremizere komata pachikuto kaja kanafufutikiratu. Nditawafunsa akuti "ine si nesi". Mbuzi za amayi anagulitsanso ziwiri osandiuza, koma imeneyo ndi nkhani ina. Dzulo tinalawirira kuchipatala chapafupi, kufika 6 koloko, kuitanidwa cha m'ma 11. Akalaliki anawalitsa kamakina kofiira kaja pabukupo katatu, kenako analemba dzina, akuti mayiwa mu kompyuta mulibe. Mankhwala atsala a masiku asanu okha. Kodi mbiri yawo yonse yatayika basi?

Bambo a ku Kawale: Ndakhala ndikunena pagulu pano! Makompyuta amenewa anabwera kudzatizunza. Kale dokotala ankakuyang'ana kumaso, lero akuyang'ana galasi. Ine ndinakhalapo pabenchi maola anayi ati netiweki yagwa, shuga atakwera, mpaka ndinayamba kuona zinthu ziwiriziwiri. Pepala silifuna magetsi!

Make Mapasa: Pepala lomwelo si ndi limene lanyowa apa bambo? Ife kwathu ku Phalombe namondwe wa Freddy mu 2023 anakokolola zonse, mabuku a sikelo a ana anga anapita ndi madzi. Katemera amene analandira ndinkachita kuloza pamkono. Bola zikanakhala mu kompyuta.

Bambo a ku Kawale: Mayi, kompyutayo madzi saidziwa? Musandiphunzitse, ndayenda m'zipatala zaka zambiri ine.

Namwino wopuma: Mwanawe, pepa. Koma watiuza za mbuzi, sunatiuze kuti ndi mankhwala anji ndipo amalandirira kuti. Nkhani yagona pamenepo. Kusapezeka kuno sikutanthauza kuti mbiri yatayika, makina a chipatala china nthawi zambiri saona zonse zolembedwa kwina. Ngati ndi ma ARV, kumene anayambira kuli master card yawo (khadi la mbiri ya wodwala losungidwa kukiliniki) ndi nambala yawo, ukatenge kalata ya transfer. Asawalembe ngati wodwala watsopano ayi. Ngati ndi BP kapena shuga, malo ambiri amalembabe pamakadi ndi m'kaundula.

Mnyamata wa kabaza: Alamuwo ndi amene akufunika kulowa mu kompyuta, mbuzi ziwiri zifufuzidwe kaye kkkk

Mlongo wanu mwa Ambuye: Inunso achemwali mukulakwa. Munthu wamkulu mungamusamutse bwanji osadzera kuchipatala chake kukatsanzika? Ndiye mukuyalutsa alamu anu pagulu la anthu masauzande. Mawa mudzawafuna pamaliro.

Bambo a ku Kawale: Ndipo chinsinsi chili kuti? Matenda ako onse akuwerengedwa ndi kamwana kongomaliza sukulu dzulo. Mawa mpaka apongozi adziwa chimene ukudwala. Ine dzina langa sindifuna lilowe m'menemo, NDAKANA.

Wa IT ku Zomba: Bambo, makinawa si adzulo. A bungwe la Baobab anayamba kuika makompyuta ongodina pagalasi ku Kamuzu Central cha m'ma 2001, ndipo afala kwambiri ku makiliniki a ma ARV. Aliyense amalowa ndi password yake, komanso tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024. Buku la pepala ndiye aliyense amene walitola amawerenga. Kwa ofunsa: dzina lija analilemba bwanji? Azimayi ambiri analembetsa ndi dzina la amuna awo pomwe pachitupa cha unzika pali la bambo awo. Chilembo chimodzi chikasiyana, munthu sapezeka. Ayesenso ndi mudzi ndi mfumu.

Bambo a ku Kawale: Password! Ndinaionapo ine italembedwa pakapepala, atamata pakhoma. Inu mukuteteza ntchito yanu basi.

Make Mapasa: Ine chiyambire Freddy ndimajambula tsamba lililonse pafoni, bukulo ndimalikulunga m'jumbo ya shuga. Lonyowalo musataye, liyanikeni pamthunzi, musalimatule ndi mphamvu.

Namwino wopuma: Masiku asanu si ambiri. Mawa tenga botolo kapena kapaketi ka mankhwalawo pamodzi ndi buku lonyowalo, upemphe kuonana ndi a in-charge kuti awapatseko oyembekezera. Asadumphitse kumwa. Ungathenso kuimbira Chipatala Cha Pa Foni.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Amene mukuti ndayalutsa alamu simukuwadziwa, chaka chatha anabisa ngakhale feteleza wa amayi. Thiransipoti yobwerera kumudzi ndilibe mpaka malipiro atuluke. Kalata ya transfer ija angakatenge achimwene, kapena mpaka amayi apite okha?

Namwino wopuma: Zitengera kuti ndi kiliniki iti. Werenga dzina limene lalembedwa pabotolopo unditumizire ku inbox ngati ukuchita manyazi pano.

Bambo a ku Kawale: Achimwene omwewo a mbuzi aja? Mudzadikira mpaka mvula ya chaka chamawa.