Ndinabwerako ku Joni chimanjamanja, kutchalitchi ndikungokhala benchi yomaliza

Wakabaza wa ku Balaka:

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndakhala ndikuwerenga zokambirana zanu mwakachetechete, lero ndati nane nditule zanga. Dzina sinditchula, akwathu alimo ambiri muno.

Ndili ndi zaka 36, pabanja, ana atatu. Ku Joni ndinakhalako zaka 6. Ndinayamba ndi kutsuka magalimoto, kenako ndinapeza ntchito m'shopu ya nsalu ku Fordsburg. Mapepala ndinalibe, ndinalowa ndi masiku 30 amadinda m'pasipoti aja, atatha ndinangokhalira. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe pa Mukuru, mayi akunyumba n'kumaumbitsa njerwa. Nyumba inafika pawindo. Tsiku lina m'mawa ndikupita kuntchito apolisi anandiimitsa, ndipo kuchipinda kwanga sindinapondenso. Firiji, TV, suti ziwiri, zonse zinatsala komweko. Ndinatsika basi ku Mwanza nditavala zomwe anandigwira nazo, m'manja muli jumbo, m'jumbomo mswachi ndi Chipangano Chatsopano chothothoka chikuto.

Panopa ndikupalasa kabaza. Njinga ndi ya eni ake, madzulo ndimapereka ya bwana, yotsalayo ndiye ufa ndi bonya. Zimenezo ndapirira. Chikundidya ine ndi kutchalitchi.

Ndili ku Joni dzina langa linkawerengedwa pazolengeza: "Bambo uje a ku Joni atumiza matumba 10 a simenti," amayi n'kuimba nthungululu. Ndikabwera pa Khirisimasi ankandikhazika kutsogolo, n'kundipatsa maikolofoni kuti ndipereke moni. Mwezi wathawu kunali Pepa Sande. Atcheya anayamba kuitana a K20,000, kenako a K10,000, kumatsika chonchi. Ine m'thumba ndinali ndi K500. Ndinaika foni kukhutu ngati wina waimba, n'kutuluka, ndinakaima kuseri kwa chimbudzi mpaka nyimbo yotsekera.

Sabata yatha mkulu wa mpingo wina anandikodola kumsika, "Iwe kabaza, tanyamula thumbali!" Nditayandikira anandizindikira. "Aa, ndinu kodi? Koma zinatha chonchi?" Anandipatsa ndalama yoposa mtengo, ndipo imeneyo ndiye inandiwawa kwambiri.

Genesis 1:27, yoti Mulungu analenga munthu m'chifanizo chake, ndimaidziwa, ndinkaphunzitsa Sande sukulu. Koma ndikaona nkhope yanga pagalasi ndimangoona munthu amene anataya zaka 6. Mneneri wina wa kufupi ndi kwathu akuti ndili ndi mzimu wobwerera m'mbuyo, ndipereke mbewu andimasule. Inu amene munadutsamo, munatani kuti zoti ndinu a mtengo wapatali pamaso pa Mulungu zichoke m'mutu zitsikire mumtima?

Agogo a Mvano:

Mwananga, ndawerenga mpaka pa chimbudzipo ndinayamba ndaika foni pansi.

Tsegula 2 Samueli 9. Muli munthu dzina lake Mefiboseti, mwana wa Yonatani, mdzukulu wa mfumu Sauli. Ali ndi zaka zisanu mlezi wake anathawa naye pomva kuti bambo ake ndi agogo ake afera kunkhondo, mwanayo anagwa n'kulumala miyendo yonse iwiri. Anakulira m'nyumba ya eni ake ku Lodebara. Davide atamuitanitsa, iye anadzitcha galu wakufa. Wamva? Mdzukulu wa mfumu kudzitcha galu, wakufanso. Davide sanalimbane naye pa mawuwo, anangoti uzidya pagome panga masiku onse.

Tsono uwerenge vesi yomaliza ya mutuwo. Ikuti ankadya pagome la mfumu, ndipo ikubwerezanso kuti anali wolumala miyendo yonse iwiri. Miyendo sinachire ayi. Ine ndinkadikira kuti Mulungu ayambe wandikonzera zinthu ndiye ndidzamve kuti ndine munthu, koma malo pagome anabwera miyendo ikadali yomweyo.

Bambo akunyumba atamwalira, achibale awo anatenga chilichonse, ndi mphasa yomwe. Zaka ziwiri ndinkalowa m'tchalitchi nyimbo yoyamba itayamba, kutuluka dalitso lisanathe, kuopa moni wa pakhomo. Chinandidzutsa si ulaliki. Mayi wina wa Mvano anabwera kwathu Lachinayi m'mawa, nati, "Kuli maliro, wophika nsima ya m'chimphika chachikulu palibe wokuposani, tiyeni." Anandikoka ngati mbuzi. Ndikuvundula nsima ija, thukuta lili kamukamu, ndinakumbuka kuti manja angawa alamu anga sanawatenge.

Iwe unkaphunzitsa ana. Anakuletsa ndani? Ana safunsa kuti aphunzitsi abwera pa chiyani.

Mfana wa ku Ndirande:

Biggie, choyamba: mneneriyo musamupatse ngakhale K50. Munthu akuona kuti mukuvutikira ya bonya, iye akufuna yomweyonso? Ngati ali ndi mphamvu yomasula anthu aimasule ulere, Simoni wamatsenga anadzudzulidwa pa Machitidwe 8 chifukwa chofuna kusakaniza mphatso ya Mulungu ndi ndalama.

Chachiwiri ndilankhula mosapsatira, ena akwiye. Vuto si inu nokha, mipingo yathu ili ndi mlandu. Yakobo 2 akunena za munthu wovala mphete yagolide amene amapatsidwa mpando wabwino, wosauka n'kuuzidwa kuti ima uko. Ife timawerenga ndime imeneyi m'mawa, masana n'kumaitana anthu potengera kukula kwa ndalama. Yesu anati dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita, ife tagula zokuzira mawu kuti mudzi wonse udziwe. Ndiye mukudabwa kuti mukudziyeza ndi matumba a simenti? Sikelo imeneyo anakupatsani ndi iwowo, tsiku lomwe anakuimbirani nthungululu lija. Inu munailandira chifukwa nthawi imeneyo inkakukomerani. Pepani, koma ndi choncho.

Msungichuma wopuma:

Achimwene a ku Ndirande, mwalasa, koma pang'ono pokha ndiikire kumbuyo anzanga. Ndasunga thumba la mpingo zaka zambiri. Malata sagulidwa ndi aleluya, ndipo tikangoika mbale mwakachetechete anthu amaponya ndalama zong'ambika zomwe akana kugolosale. N'chifukwa chake makomiti amathamangira zoitana mayina. Sindikuti n'zabwino. Ine ndemwe ndinkaona anthu akutuluka ndi foni kukhutu, ndinkadziwa kuti palibe waimba, ndipo sindinatsatepo ndi mmodzi yemwe. Lero ndachita manyazi.

Kwa inu bambo a ku Balaka, ndili ndi kamasamu, poti ndine munthu wa mawerengero. Pa Mateyu 10:29 mpheta ziwiri zikugulidwa kakobiri kamodzi. Pa Luka 12:6 mpheta zisanu zikugulidwa timakobiri tiwiri. Timakobiri tiwiri tikanayenera kugula zinayi. Yachisanuyo ndi ya banyira, yongoponyerapo, ngati tomato wophwanyika amene mayi wa pamsika amakuwonjezerani. Ndiye Yesu akuti ngakhale imodzi mwa zisanuzo Mulungu saiiwala. Ya banyira yomwe.

Ndipo K500 yanu ija mukanaponya. Pa Marko 12 Yesu anakhala dala moyang'anana ndi mosungira zopereka, olemera anaponya zambiri, koma amene anamuitanira ophunzira ake kuti amuone ndi mayi wamasiye wa timakobiri tiwiri.

Wotchona ku Cape Town:

Achimwene, ine ndikadali kuno, chaka cha 9. Zithunzi timaika pa Facebook titatsamira galimoto zija, galimotoyo ndi ya bwana, tangomaliza kuitsuka. Tikugona anthu asanu chipinda chimodzi, tikamva kugogoda usiku mtima umathawa. Mwana wanga womaliza amanditcha "ankolo a pafoni". Inu mukudziona ngati mwagwa poyerekeza ndi ife, pamene ena kuno timasirira munthu amene akudya nsima ndi ana ake madzulo aliwonse.

Koma ndifunse zina. Tulo mukugona? Chakudya chikulowa? Alamu mwawauza zonsezi kapena mwayamba kutiuza ife? Ndafunsa chifukwa mnzathu wina anabwezedwa ngati inu, ankangoti zili bwino, zili bwino, mwamuna salira. Tinadzamva uthenga woipa patapita miyezi. Ngati maganizo ofuna kudzichotsera moyo akumabwera, musawasunge nokha ngakhale usiku umodzi. Uzani alamu, uzani abusa, pitani kuchipatala mukafotokoze. Eliya, mneneri wamkulu uja, anagona pansi pa kamtengo n'kupempha imfa, ndipo mngelo sanamukalipire, anamupatsa mkate ndi madzi n'kumusiya agonenso.

Wakabaza wa ku Balaka:

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. A ku Ndirande mwandipweteka koma simunaname, nthungululu zija ndinkazikonda, mwina kuposa Mwini tchalitchi.

Achimwene a ku Cape Town, tulo n'tovuta, ndimadzuka cha m'ma 2 koloko n'kumawerengera malata omwe ndikanagula. Maganizo enawo anabwerapo kawiri, sindibisa. Usiku wa Lachisanu ndinawauza mayi akunyumba zonse, ndi za kuseri kwa chimbudzi zomwe. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndinakuonani mukutuluka. Foni yanu inali kunyumba pa tchaja ya aneba, munanyamula ya mwana yosayaka ija." Tinaseka mpaka ana anadzuka, kenako ndinalira, koyamba chibwerere. Akuti Lachiwiri tipitire limodzi kwa abusa, ndipo za kuchipatala zija aziumirira iwowo.

Agogo, Lamulungu ndinapita kukalasi ya ana. Sindinaphunzitse, ndinangothandiza kukhazika chete anyamata a kumbuyo. Kamtsikana kena kanandiyang'anitsitsa n'kufunsa ngati ndine amene ndinakanyamula pa njinga ndi amayi ake popita kusikelo. Ndinavomera. Kanauza anzake kuti njinga yanga ili ndi belu lolira kwambiri, ndiye onse akufuna ndidzabwere nayo sabata ya mawa.

M'tchalitchi ndinakhalabe kumbuyo, koma benchi yachitatu kuchokera kukhomo. Mkulu wa mpingo uja anandipatsa moni, ine maso anali pansi, sindinathe kuwadzutsa. Njinga ndiipempha kwa bwana Loweruka madzulo.