Bambo a ana anga anauma miyendo mfuti zikulira, ndiwathandize bwanji?

A admin bisani dzina. Ndili ku Ulongwe kuno ku Angónia. Amuna anga ndi apolisi, anabwerako kunkhondo ya ku Cabo Delgado miyezi isanu yapitayo. Pathupi alibe bala, koma munthu amene ndinamukweza chapa tsiku lija si amene anabwera.

Usiku sagona. Sabata yatha mwana anagwetsa chivundikiro cha poto pasimenti, iwo n'kudzigwetsa chafufumimba, kenako anatuluka osakhudza nsima. Dzana ataledzera (kale mowa sankaulawa n'komwe) ndiye anaulula. Akuti zigawenga zitalowa m'mudzi wina, ankamva anthu akukuwa m'nyumba. Mfuti ili m'manja, zipolopolo zilimo, koma miyendo inakana. Makutu anagontha, maso ankangoona chitseko chokhacho ngati akusuzumira mupaipi, mpaka anadzikodzera. Mnzawo ndi amene anathamangirako, ndipo sanabwerere. Pano akungoti yunifolomu siiwayenera.

Apongozi akuti tipite nawo kwa asing'anga akawasambitse, mizimu ikuwalondola. Ine sindikudziwa. Munthu wophunzitsidwa bwinobwino angaume chonchi? Ndiyambire pati abale anga?

Bambo wa ku Moatize: Mayi, ine nkhondo yathu ija inandipeza ndili msilikali mpaka 1992. Ndinaona amuna amatama, mfuti italira koyamba, akulephera ngakhale kukoka chala. Thupi limadzilamula lokha. Pophunzira umawombera chikwangwani, ndipo chikwangwani sichibwezera.

Wa ku Tsangano: Pepani achemwali koma ntchitoyo anaisankha okha. Nanga anthu ankakuwa aja akanadalira ndani?

Mphunzitsi wa ku Dómuè: A ku Tsangano, funso lanulo makolo a ku Uvalde ku Texas, ku America, akulifunsabe. Pa 24 May 2022 mnyamata wa zaka 18 anapha ana 19 ndi aphunzitsi awiri pasukulu. Apolisi 376 anafikapo, koma panatha mphindi 77 asanalowe m'kalasimo, ana ena akuimba foni kupempha thandizo. Oyamba kuyandikira chitseko atawomberedwa anabwerera m'mbuyo, ndipo ena pambuyo pake ananena kuti ankaopa mfuti yake ya AR-15. Chonsecho chiyambire kuphedwa kwa ana pasukulu ya Columbine mu 1999, apolisi a ku America amawaphunzitsa kuti usadikire, lowa. Ine aja sindiwakhululukira, anali ndi nthawi yoganiza ndi kugwirizana. Za amuna a mayiwa n'zina, munthu mmodzi kuuma kanthawi kochepa thupi litam'kanira.

Namwino wa ku Tete: Achemwali, kudzidzimuka, kusagona ndi mowawo ndi zizindikiro zomwe timaziona kwa anthu amene anayang'anizana ndi imfa, ndipo thandizo lilipo. Pitani nawo kuchipatala mukafunse técnico wa psiquiatria, woona za matenda a maganizo. Musawakakamize kufotokoza mobwerezabwereza, komanso musawauze kuti alimbe mtima ngati mwamuna. Apongozi musakangane nawo, za kumudzi sizitsekereza chipatala. Chachikulu: kunyumbako kuli mfuti? Anayamba anenapo zoti bola akanafa ndi iwo? Afunseni mosapsatira, kufunsa sikum'patsa munthu maganizo amenewo.

Mwini nkhani: Mfuti amaisiya kuntchito. Koma mawu amenewo anawanenadi dzana, ine ndinangoti ndi mowa. Mawa m'mawa ndiwauza bwanji za chipatala osawachititsa manyazi? Akangomva zoti psiquiatria aziti ndikuwayesa amisala.