Kholo lochokera ku Ireland: mudzi wake ndingaupeze bwanji?

Wofunsa:
Ndikulemba mbiri ya banja ndipo ndakakamira pa kholo lina lomwe linachoka ku Ireland kupita ku New York nthawi ya njala yaikulu ya 1845 mpaka 1852, mbatatesi zitaola m'minda. Chikalata cha imfa chimangoti "Ireland", palibe boma, palibe mudzi. Linali Mkatolika. Ndiyambire kuti?

Wamakaundula:
Musathamangire ku Ireland, yambani ndi komwe munthuyo anathera moyo wake. Dzina lokha silingakuthandizeni, chifukwa m'parishi imodzi mungapezeke anthu angapo a dzina ndi mfunda womwewo. Chofunika ndi townland, kadera kakang'ono kwambiri m'kagawidwe ka malo a ku Ireland. Timaderati tilipo toposa 60,000.

Mndandanda wa okwera sitima zapamadzi wa zaka zimenezo usakupatseni chiyembekezo chambiri: umangotchula dzina, zaka, ntchito ndi dziko. Komanso ambiri ankakwerera ku Liverpool, choncho doko silisonyeza kwawo. Ellis Island, malo olandirirapo obwera ku New York, musaiganizire n'komwe, inatsegulidwa mu 1892. Ngakhale Castle Garden, yomwe inkagwira ntchitoyi Ellis Island isanatsegulidwe, inayamba mu 1855.

Popeza ndi New York, onani mabuku a Emigrant Industrial Savings Bank, yomwe inatsegulidwa mu 1850. Potsegula akaunti ankafunsa komwe munthu anabadwira, sitima yomwe anabwera nayo, chaka, mayina a makolo ndi abale. Mabukuwa ali ku New York Public Library. Onaninso zidziwitso za ofunafuna abale osowa mu nyuzipepala ya Boston Pilot, kuyambira 1831 mpaka 1921. Zambiri zimatchula parishi. Mwala wa pamanda nawonso nthawi zina umatchula. Mukalephera pa khololo, tsatani mbale wake kapena anthu omwe anaimira ana ake pa ubatizo, poti ochokera mudzi umodzi ankakonda kukhala moyandikana.

Mlondolozi:
Mukapeza parishi, dziwiranitu zomwe kulibe. Nyumba yosungira zikalata za boma ku Four Courts, mu Dublin, inapsa mu June 1922, ndipo kalembera wa 1821, 1831, 1841 ndi 1851 anapsera momwemo, kupatula tizidutswa. Wa 1861 mpaka 1891 boma linamuwononga lokha. Wathunthu wakale ndi wa 1901 ndi 1911. Kulembetsa ku boma ana obadwa, imfa ndi maukwati a Akatolika kunayamba mu 1864, kholo lanu litachoka kale.

Ndiye mudalire ziwiri. Choyamba, kaundula wa ubatizo ndi ukwati wa maparishi a Katolika. Ameneyu sanapse chifukwa ankasungidwa kumaparishi. National Library of Ireland inaika zithunzi zake pa intaneti kwaulere, mpaka cha m'ma 1880, koma muyenera kuwerenga tsamba ndi tsamba. Ambiri ali m'Chilatini: James ndi Jacobus, William ndi Gulielmus. Maparishi ena akumadzulo, monga ku Mayo, anayamba kulemba mochedwa, ndiye ubatizo wa munthu wobadwa cha m'ma 1825 ukhoza kusowa ndithu.

Chachiwiri ndi Griffith's Valuation, kaundula wa malo ndi nyumba wokonzera msonkho, ya 1847 mpaka 1864. Imatchula wokhala pamalo, yemwe ankamulipira lendi, kukula kwa munda ndi mtengo wa nyumba. Mkazi ndi ana salembedwamo. Komabe moyo wa banjalo umaonekera pamenepa: mukaona maekala atatu ndi kanyumba ka mashiling'i ochepa, mwamvetsa chomwe chinawasamutsa.

Wamakaundula:
Ndiwonjezere za zaka, chifukwa ambiri amataya munthu wolondola pamenepa. Anthuwa sankasunga tsiku lobadwa, ndipo zaka zimasiyana pa kalembera aliyense. Fufuzani zaka zisanu kutsogolo ndi kumbuyo. Mfunda nawonso umasintha: O' ndi Mc zinkachotsedwa kapena kubwezeredwa, ndipo mlembi ankalemba momwe wamvera. Bridget amapezeka ngati Delia, Honora ngati Nora.

Mayina a ana angakutsogolereni. Kawirikawiri mwana wamwamuna woyamba ankatenga dzina la bambo a bambo ake, wachiwiri la bambo a mayi ake. Silinali lamulo, choncho musalembe m'mbiri yanu kuti ubatizo wakutiwakuti ndi wa kholo lanu mpaka mayina a bambo ndi mayi agwirizane ndi chikalata china cha ku America.